Mphatso Yolowa M'makutu

1. Kabokosi koyera

Kusukulu ndi kunyumba komwe, panalibe amene ankamuitana ndi dzina lake lenileni. Onse ankangomuti Wayilesi, chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka. Akapanda kuyimba ndiye kuti akukamba nkhani. Akapanda kukamba nkhani ndiye kuti akuloweza masamu mokweza uku akutsuka mbale.

Koma m'kalasi la Fomu 2 munalibe womuposa. Aphunzitsi akafunsa funso lovuta, mitu yonse inkatembenukira kwa iye.

Mayeso a kumapeto kwa chaka anali atayandikira. Tsiku lina poweruka, mnzake wapamtima, Shuga, anamukoka dzanja.

"Tiye tidzere kwa achimwene anga. Akuti akufuna akuone."

"Andione ine? Ndawalakwira chiyani?"

"Iwenso! Kodi munthu akaitanidwa ndiye kuti wapalamula?"

Mchimwene wake wa Shuga ankakonza mafoni m'kashopu kena pafupi ndi pokwerera basi. Anthu ankamutcha Injiniya. Kashopuko kanali kothina moti anthu atatu akalowamo, wachinayi ankayimira panja. Pakauntala panali mafoni osweka magalasi, mabatire otupa ndi tisikuludiraiva tating'ono ngati timitengo ta machesi. M'kati monse munkanunkha waya wopsa.

"Aa, wafika mwini nzeru uja!" anatero Injiniya akupukuta manja pamalaya. "Shuga amakutama tsiku lililonse. Akuti iwe mayeso umawamwa ngati madzi."

Wayilesi anangomwetulira mwamanyazi. Aka kanali koyamba kuti munthuyu amulankhule. Masiku onse akadutsa pamenepo, ngakhale moni sankayankha.

Injiniya anatsegula dirowa n'kutulutsa kabokosi koyera, kosalala, kochepa ngati sopo wotsala pang'ono kutha.

"Tsegula."

M'katimo munagona tinthu tiwiri toyera, tofanana ndi nyemba zikuluzikulu zomera kamchira.

"Ndi mankhwala?" anafunsa Wayilesi.

Shuga anaseka mpaka kugwira khoma. "Ndi mahedifoni, mbuli iwe!"

"Mahedifoni ake opanda waya?"

"Waya ndi za makedzana," anatero Injiniya. "Bweretsa foni yako."

Wayilesi ankayenda ndi kafoni kakale ka amayi ake, koimbira kunyumba akachedwa kusukulu. Injiniya anakadinadina, kenako anati, "Lowetsa m'makutu. Usaope, sitiluma."

2. Nyimbo ya m'kati mwa mutu

Tinali tozizira. Ka kumanzere kanalowa bwino, koma ka kumanja kanagwa, ndipo Shuga anakawakha kasanafike pansi. Injiniya anamuonetsa kuti akapotoze pang'ono. Kanakhazikika.

Nthawi yomweyo dziko lonse linati zii.

Mabasi anali pomwepo, oitanira anali pomwepo, mayi wogulitsa nthochi ankakangana ndi kasitomala pakhomo. Koma phokoso lawo linamveka kutali, ngati Wayilesi wamira m'madzi. Anamva kupuma kwake komwe. Atameza malovu, anawamvanso.

Kenako nyimbo inayamba.

Sinachokere kutsogolo kapena kumbuyo ayi. Inatulukira pakati penipeni pa mutu wake. Ng'oma inkagunda kukhutu la kumanzere, gitala kukhutu la kumanja, ndipo woyimbayo ankamveka ngati wakhala kuseri kwa maso ake. Anamva ngakhale mpweya umene ankakoka asanayambe mzere wina. Nyimboyo ankaidziwa kalekale, koma anali asanamvepo kuti muli kabelu kakang'ono kolira chapansipansi.

Anaona pakamwa pa Shuga pakuyenda, mawu osamveka.

"UKUTI CHIYANI?"

Mayi wa nthochi uja anadzidzimuka n'kusuzumira. Shuga anagwira pamimba ndi kuseka. Wayilesi anachotsa timahedifonito, ndipo phokoso la mumsewu linamukhuthukira ngati wina watsegula chitseko.

"Ndimati usakuwe," anatero Shuga. "Nanga wationa bwanji?"

"Ndi tabwino," anatero Wayilesi akusisita khutu. "Koma tikuyabwa. Komanso munthu umakhala ngati uli wekha m'chipinda chokhoma."

"Uzolowera," anatero Injiniya. Anatibwezera m'kabokosi n'kumukankhira. "Tenga. Ndi tako."

"Ayi achimwene, ine sindingakwanitse kugula zimenezi."

"Ndani wanena zogula? Ndi mphatso."

"Mphatso ya chiyani?"

"Ya nzeru zakozo. Uzimvetsera maphunziro powerenga. Kodi kuthandiza mnzake wa mlongo wanga ndi mlandu?"

Wayilesi anayang'ana Shuga. Shuga anali atasiya kuseka ndipo ankayang'ana nsapato zake. Zimenezi zinamudabwitsa. Komabe kabokosiko kanali kosalala m'manja, ndipo kabelu kaja kanali kakulirabe m'mutu mwake.

"Ndingokatiyesa lero lokha," anatero.

Anatenga. Atangokhota pakona, anatibwezera m'makutu, ndipo anayenda nato msewu wonse mpaka kunyumba. Ana asukulu anzake ankamuloza, iye n'kumangogwedeza mutu motsatira ng'oma.

3. Wayilesi yazima

Amayi ake a Wayilesi anali telala. Makina awo osokera ankakhala pakhonde, ndipo madzulo amenewo ankasoka diresi la ukwati lomwe mwini wake ankalifuna msanga. Pambali pawo panakhala mlongo wawo, amalume a Wayilesi, akumata chubu cha njinga. Amalumewo anagwira ntchito pachigayo zaka zambiri, ndipo khutu lawo la kumanja linali logontha.

"Achimwene," anatero amayi aja ataimitsa makina, "mwamva?"

"Mwati?"

"Ndati mwamva kuti m'nyumbamu muli zii? Wayilesi yathu yazima lero. Mwana ameneyu akudwala?"

Anamuitana kuti adzagwire nsalu. Sanayankhe. Anaitananso mokweza, koma kunali chete. Amalume anadzuka n'kulowa m'nyumba. Anamupeza atakhala patebulo, buku lili lotsegula, maso ali kudenga, phazi likugunda pansi.

Mwadzidzidzi anamugwira mutu ndi manja awiri.

"Usagwedezeke mwanawe! Chilombo chakulowa m'khutu! Achemwali, bweretsani mafuta!"

"Amalume, si chilombo! Ndi mahedifoni!"

Amayi analowa singano ili m'manja. Anatenga kamodzi n'kukatembenuzatembenuza pafupi ndi zenera. Sanaseke ngakhale pang'ono.

"Wazitenga kuti?"

"Andipatsa achimwene ake a Shuga."

"Wokonza mafoni uja? Wakubwereka?"

"Ayi. Akuti ndi mphatso."

"Wamugwirira ntchito yanji?"

"Palibe."

"Ndi m'bale wako?"

"Ayi."

Amayi anakoka mpando n'kukhala moyang'anana naye.

"Tamvera mwana wanga. Ine ndakhala pamakina aja kuyambira usanabadwe, ndipo anthu ndawaona. Kasitomala amene amabwera ndi maswiti ndi mawu okoma ndi amene amafuna kuti ndisiye ntchito za anzake n'kuyamba yake. Amene alibe chobisa amangofika, n'kuyeza, n'kumapita. Munthu amene sanakupatsepo moni chibadwire, lero wadzuka n'kukupatsa chinthu chomwe ine mayi ako sindingathe kukugulira. Iwe sukudabwa? Nsomba ikaona nyongolotsi ikulendewera m'madzi imati lero ndadala. Siifunsa kuti nanga nyongolotsi yaphunzira liti kusambira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti mnyamata ameneyu ndi mfiti ayi, sindikumudziwa. Koma ndicho chifukwa chake ndikuopa. Mtsikana ukalandira chinthu kwa mwamuna, tsiku limene adzakupemphe kanthu pakamwa pako padzalemera. Udzafuna kunena kuti ayi, koma mphatso ija idzakhala itakutseka pakhosi. Ndiye mawa upite ukamufunse funso limodzi lokha. Ukati, achimwene, mukufuna chiyani kwa ine? Ukayang'ane nkhope yake poyankha."

"Koma Amayi, akuti ndizimvetsera maphunziro."

"Maphunziro ake ndi amene umavina nawo phaziwa?"

Amalume anali atalowetsa kena kaja m'khutu lawo labwino. Anakachotsa msangamsanga ngati kawawotcha.

"Iii! Chigayo chenicheni! Mwanawe, nanenso ndinenepo. Pamene ndinkayamba ntchito, bwana wanga wina wachikulire anandiuza kuti ndizitseka m'makutu ndi thonje. Ndinamuseka. Ndinkati ndine mnyamata, phokoso lingandichite chiyani? Makutu sapweteka pamene akutha, ndiye vuto lake. Dzino limakuchenjeza, diso limatuluka misozi, koma khutu limangochoka mwakachetechete ngati mlendo wosatsanzika. Poyamba ndinkamva kulira kwa nkhululu ndikaweruka. Kenako ndinayamba kuona ngati anthu onse akung'ung'udza. Lero kutchalitchi ndimaseka anzanga akaseka, osadziwa chomwe chanenedwa. Ine chigayo changa chinali panja pa mutu. Iwe ukufuna kuchilowetsa m'kati, n'kutsekanso chitseko! Ngati tsiku lina udzakhale ndi tako togula wekha, uzitsitsa mawu, uzipumitsa makutu, ndipo mumsewu uzichotsa. Galimoto silimva nyimbo yako. Komanso m'nyumba muno mayi ako akamakuitana, uzimva. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma nanga tikutsina bwanji khutu lotseka?"

Wayilesi anabwezera timahedifoni tonse m'kabokosi. Katatsekeka kanalira kuti tapu. Anapita kukagwira nsalu ya diresi, koma madzulo onsewo sanayimbe.

4. Funso limodzi

Mawa lake poweruka anauza Shuga kuti adzerenso kushopu. Shuga anakondwa, koma m'njira sanalankhule zambiri.

Anapeza Injiniya atawerama pafoni yotsegula, akuwotcherera kawaya. Ataona Wayilesi anazimitsa chowotchereracho.

"Nanga bwanji? Si ndinakuuza kuti uzolowera?"

Wayilesi anaika kabokosi pakauntala, koma sanachotsepo dzanja.

"Achimwene, mukufuna chiyani kwa ine?"

Injiniya anaseka, koma maso ake sanaseke nawo. Anasuzumira panja, kenako anakoka chitseko mpaka chinatsala pang'ono kutsekeka.

"Ndimadziwa kuti ndiwe wochenjera. Chabwino, ndikuonetse chinthu. Vala kamodzi kokha."

Wayilesi anavala. Injiniya anatuluka ndi foni yake n'kukaima kutsidya kwa msewu. Posakhalitsa kafoni ka m'chikwama cha Wayilesi kananjenjemera, ndipo Shuga anakayankha. Mawu a Injiniya anamveka m'khutu mwa Wayilesi, apafupi ngati munthuyo wamutsamira paphewa.

"Ukundimva? Tsopano nong'ona. Usatsegule pakamwa kwambiri. Nena chilichonse."

"Ndikufuna kupita kwathu," ananong'ona Wayilesi.

"Wati ukufuna kupita kwanu. Waona? Timamva ngakhale kunong'ona."

Dzulo mawu a m'kati mwa mutu anamusangalatsa Wayilesi. Lero anamva ngati nyerere yamulowa. Anakazula n'kukaponya pakauntala.

Injiniya anabwerera akumwetulira.

"Nkhani yake ndi yophweka. Tsiku la masamu ndi la sayansi, uvale kamodzi. Pamwamba pake tidzamata thonje ndi pulasitala, udzanene kuti khutu likutuluka mafinya. Palibe mphunzitsi amene angafune kusuzumiramo. Foni idzakhala m'sokosi. Iwe uzidzalemba mayeso ako monga mwa masiku onse, koma uzidzanong'ona mayankho. Ine ndidzakhala kuno, ndizidzawapatsira kwa ena."

"Ena ake ati?"

"Shuga. Ndi anzako ena angapo amene makolo awo amadziwa kuthokoza. Iwe sukuba kanthu. Nzeruzo ndi zako, ukungogawirako anzako."

Wayilesi anatembenukira kwa Shuga. "Iwe umadziwa?"

Misozi inali italengeza kale m'maso mwa Shuga.

"Mnzanga, ndithandize. Bambo anena kuti ndikalepheranso chaka chino, sukulu yatha, ndizikagulitsa m'golosale mwawo. Masamu sakulowa m'mutu mwanga, ndayesetsa. Iwe sudziwa mmene zimawawira kukhala pafupi ndi munthu amene amamaliza iwe usanamvetse n'komwe funso."

Mawu amenewa anamulasa Wayilesi. Shuga ndi amene ankamugawira chakudya pa nthawi yopuma. Ndi amenenso anamuperekeza kuchipatala tsiku lomwe anakomoka pabwalo la masewero.

"Bwera kwathu," anatero Wayilesi. "Kuyambira lero. Tizikhala patebulo mpaka dzuwa kulowa. Ndikuonetsa njira zanga zonse."

"Nthawi yatha kale!"

"Ndiye tipulumutse zomwe tingathe. Koma izi ayi. Akatigwira atichotsa sukulu tonse, iwe ndi ine. Ndipo akapanda kutigwira, chaka chamawa udzafunanso khutu langa."

"Palibe angakugwireni," anatero Injiniya.

"Ngati ndi zabwino, achimwene, mwatsekeranji chitseko?"

Wayilesi anatola kamene anaponya kaja, n'kukaika pamalo pake, n'kutseka kabokosi. Anakakankhira kutali ndi iye.

"Zikomo chifukwa cha mphatso. Sindingathe kuilandira."

Nkhope ya Injiniya inasintha. Kumwetulira konse kunachoka.

"Ndiye ukatuluka muno ukalengeza, poti ndiwe wayilesi?"

"Sindiuza munthu. Ndangokana basi."

"Ukumbukire kuti dzulo unayenda nato msewu wonse. Theka la sukulu yanu linakuona. Ine palibe amene anandiona ndikukupatsa."

"Shuga anaona."

Injiniya anayang'ana mlongo wake. Shuga anayang'ana pansi.

Wayilesi anatsegula chitseko yekha n'kutuluka. Sanacheuke. Atafika kunyumba, amayi ake anaimitsa makina.

"Wamufunsa?"

"Ndabweza, Amayi."

"Anati amafuna chiyani?"

Wayilesi anakumbukira misozi ya Shuga. Akananena zoona, amayi ake akanavala nsapato nthawi yomweyo kupita kwa makolo a mnzakeyo.

"Sananene zomveka," anatero.

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, chilonda chobisa chimanunkha," anatero, n'kupondanso makina.

Masiku otsatira Wayilesi ankaika mpando wachiwiri patebulo, koma Shuga sanabwere. M'kalasi anasamukira kumzere wakumbuyo.

5. Tsiku la masamu

M'mawa wa mayeso a masamu kunali kozizira. Ophunzira onse anafola pabwalo, aliyense atagwira cholembera ndi rula. Ena ankaloweza mfundo zomaliza chamumtima. Wayilesi anafunafuna Shuga ndi maso, ndipo anamuona kumapeto kwa mzere. Makutu ake onse anali pamtunda, opanda thonje. Mtima wa Wayilesi unakhala m'malo.

Nyimbo ya fuko itatha, ahedi anakwera pakhonde la ofesi. Anali mayi wamtali wosakonda kukuwa, ndipo akayamba kulankhula motsitsa, aliyense ankadziwa kuti zinthu zavuta.

"Musanalowe m'makalasi, ndili ndi mawu. Sukulu ino imakhululuka zambiri. Wochedwa timamupatsa tsache, waphokoso timamupatsa khasu. Koma wobera mayeso alibe malo pano. Amene amabera mayeso amabera mnzake amene wawerenga, amabera kholo lake limene likuganiza kuti mwana akuphunzira, ndipo pomaliza amadzibera yekha. Tsiku lina adzakhala namwino wosadziwa kuyeza mankhwala, ndipo wodwala wake adzakhala mmodzi wa ife. Ndakhala ndikumva mphekesera kuti chaka chino kwabwera njira yatsopano. Sindinakhulupirire. Koma m'mawa uno, poyendera chipinda cha Fomu 2, tapeza ichi chitamatidwa kunsi kwa desiki."

Anakweza dzanja. Pakati pa zala zawo panali kabokosi koyera, ndipo kumbali kwake kunkalendewera pulasitala.

Anakaonetsa mbali zonse za bwalo.

"Alipo amene anaonapo munthu ali ndi zimenezi?"

Mutu umodzi unatembenuka, kenako wina, kenakonso wina, monga mmene inkatembenukira m'kalasi funso likavuta. Yonse inayang'ana Wayilesi. Shuga yekha ndi amene sanatembenuke.

Ahedi anaitana dzina lake lenileni, lija ankalimva pokhapokha zinthu zikaipa.

"Desikiyo ndi yako. Tsogola ku ofesi. Ena nonse lowani, mayeso ayambe."

"Madamu, si tanga! Ndinabweza!"

"Ukafotokozera m'katimo."

Anzake anayamba kulowa m'makalasi. Wayilesi anayenda yekha kudutsa bwalo, rula ili m'manja. Anakwera masitepe akukonza mawu oti anene. Anatsimikiza kuti ulendo uno aulula zonse, kuyambira pa kashopu kaja mpaka pa thonje ndi pulasitala.

Chitseko cha ofesi chinali chotsegula. Pampando wa alendo panakhala munthu wovala malaya oyera ositidwa bwino, chipewa atachigwira mwaulemu pamaondo. Anali Injiniya.

Ataona ahedi akulowa pambuyo pa Wayilesi, anaimirira n'kuwerama pang'ono. Kenako analoza Wayilesi.

"Ndi yemweyu, Madamu," anatero ndi mawu achisoni. "Ndi amene anandibera timahedifonito m'shopu."